Zilembo zonenepa za Cooper Black: pamene zimagwira ntchito ndi pamene zimachititsa manyazi

"Mundilembere ndi zilembo zonenepa zija, achimwene, zooneka ngati mandasi ofufuma bwino." Anatero mayi wina amene amagulitsa mandasi ndi zitumbuwa pafupi ndi siteji ya minibasi, atabwera kushopu kwanga ndi thabwa lake pamutu. Dzina la zilembozo sankalidziwa, koma ine ndinamva msanga. Amanena Cooper Black. Pa ntchito yathu yolemba zikwangwani ndi kudinda matisheti, palibe font ina, kapena kuti mtundu wa zilembo, imene makasitomala amaifotokoza ndi manja ngati imeneyi: amatambasula zala ngati akugwira chinthu chofewa.

Ndinayamba ntchitoyi ndi bulashi, choko ndi chitini cha penti, kompyuta ndinaidziwira ukulu. Tsopano ndili ndi kompyuta imodzi, pulinta, ndi makina odulira masitika amene amandivutitsa magetsi akathima pakati pa ntchito. Zimene ndilembe pano ndi zimene ndaphunzira pa zilembo zimenezi, zina mwa izo nditawononga katundu wa eni ake.

Tiyambe ndi kuziyang'anitsitsa, chifukwa anthu ambiri amazigwiritsa ntchito asanazione bwino. Ngati pa kompyuta yanu pali Microsoft Office, nthawi zambiri Cooper Black imakhalamo kale. Tsegulani Word, lembani mawu oti Moni, muwakulitse mpaka adzaze tsamba. Onani kunsi kwa M ndi n. Kuli timapazi timene okonza zilembo amati serif, tofanana ndi timene mumaona m'zilembo za m'nyuzipepala ndi m'Baibulo, koma kuno tilibe msonga. Tatupa ndi kubulungira ngati mapazi a khanda. Onaninso o. Bowo la m'kati mwake ndi laling'ono, ndipo silinaime chilili, lapendekekera kumanzere ngati dzira lotsamira. Kadontho ka pa i nakonso si kozungulira ndendende, ndi kobulungira motalikirako pang'ono. Mukafufuza chilembo chilichonse simupezamo ngodya yakuthwa. Ndiye chifukwa chake ngakhale zilembozi zili zakuda bii ndi zolemera, siziopsa. Zimakuwa, koma zikumwetulira.

Anazijambula ndi Oswald Cooper, mmisiri wa zilembo amene ankagwira ntchito ku Chicago m'dziko la America, ndipo zinatuluka m'chaka cha 1922 kudzera ku kampani ya Barnhart Brothers & Spindler, imene inkaumba zilembo zachitsulo zosindikizira. Cooper ankakhalira kulemba zotsatsa malonda ndi dzanja, ndipo zimenezo zimaoneka: zilembo zake sizikhala ngati zoyezedwa ndi lula, zili ndi kafungo ka bulashi. Pozitsatsa ankati ndi za osindikiza oona patali amene makasitomala awo saona patali. Nthabwala imeneyo ndimaikonda chifukwa imanena ntchito yake yonse. Zinatchuka moti makampani ena anatulutsa zawo zopikisana nazo, monga Goudy Heavyface ya Frederic Goudy mu 1925. Kenako zinazilala, n'kudzabukanso m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, pa zikuto za zimbale za nyimbo monga Pet Sounds cha gulu la The Beach Boys mu 1966, ndiponso pa matisheti a zilembo zomata ndi simbi. Amene anakwerapo ndege za easyJet ku Ulaya anaziona: dzina la kampaniyo limalembedwa ndi zilembo zomwezi, ndi mtundu wa olenji ndi woyera. Zadutsa zaka zana zili pa ntchito.

Choyamba chimene ndimachita kasitomala akapempha zilembozi si kutsegula kompyuta, koma kutenga bolopeni ndi kuyamba kufufuta mawu. Mayi wa mandasi uja anabwera ndi kapepala kolembedwa kuti: Timagulitsa mandasi otentha, zitumbuwa, zigege ndi thobwa lozizira pa mtengo wotsika, takulandirani nonse. Mawu abwino, koma Cooper Black siingawanyamule. Zilembozi ndi zazikulu m'mbali, chilichonse chimafuna malo ngati munthu wonenepa pa mpando wa minibasi. Mukaika mawu ambiri, muyenera kuzichepetsa, ndipo zikachepa ubwino wake wonse watha. Lamulo langa ndi mawu awiri kapena atatu, akachulukitsa anayi. Pa thabwa la mayiwo tinasiya Mandasi Otentha, basi. Zitumbuwa, zigege ndi thobwa zinapita m'munsi ndi zilembo wamba.

Apa Chichewa chathu chili ndi vuto lake limene mabuku a azungu sanganene. Mawu athu ndi aatali. Welcome ali ndi zilembo 7, Takulandirani ali ndi 13. Ngati malo olembapo ndi mamita awiri m'litali, ndiye kuti chilembo chilichonse chapeza pafupifupi masentimita 15 okha, pomwe mnzanu wolemba Chingerezi akanapeza pafupifupi kawiri. Kuwonjezera apo, mawu athu adzaza ndi m ndi w, zilembo zimene mu Cooper Black zimatambalala kuposa zinzake. Yesani kulemba Mwatsopano kapena Zamwanamwana muone mmene mzere ukuthawira. Choncho sankhani mawu aafupi pamene mungathe. Kwathu, Nsima, Chambo, Kanyenya, Lowani, Zafika: amenewa amakhala bwino kwambiri. Verebu yaitali ngati Timagulitsanso isiyeni ku mizere ya m'munsi.

Mawu akakana kukwana, yesero limabwera loti muwadule pakati. Ngati palibiretu kuchitira mwina, dulani potsatira maphatikizo, ndipo kumbukirani kuti phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liwu: Ta-ku-la-ndi-ra-ni. Kompyuta siidziwa zimenezo. Ndaonapo chikwangwani cholembedwa Takulan pamwamba, dirani pansi, ndi zilembo zonenepa zoti aliyense aone. Koma kunena zoona, dzina la shopu lodulidwa pakati limanyansa ngakhale mutadula molondola. Kuli bwino kusintha mawu.

Yesero lachiwiri ndi loipa kuposa loyamba: kugwira mawu ndi mouse n'kuwapanikiza m'mbali kuti akwane. Musatero. Cooper anayeza kunenepa kwa mizere yoimirira ndi yopingasa kuti zigwirizane. Mukapanikiza, mizere yoimirira imaonda pomwe yopingasa ili chinenepere, o uja amasanduka ngati nyemba yofota, timapazi timaphwatalala. Munthu wodutsa sangafotokoze chalakwika, koma amaona kuti chikwangwanicho chili ndi chilema. Pokulitsa kapena kuchepetsa, kokani pa kona kuti msinkhu ndi m'mbali zipitire limodzi. Komanso batani la B lija, lonenepetsera zilembo, musalikhudze. Zilembozi zinabadwa zonenepa kale. Mukadina B, pulogalamu imangopaka mnofu wina pamwamba, timabowo ta a ndi e n'kutsekeka.

Timabowo timeneti ndiye nkhani yaikulu pa zilembo izi, ndipo pafupifupi cholakwika chilichonse chimene ndaona chimabwerera pamenepa. Diso limazindikira chilembo chifukwa cha kuwala kumene kwatsala m'kati mwake. Mu Cooper Black kuwalako n'kochepa kale. Chilichonse chimene chimadya kuwalako, kaya ndi inki yofalikira pa pepala lofewa, penti woyenderera pa khoma, ulusi wa makina opeta, kapena kungochepetsa zilembo, chimasandutsa e kukhala chibulumwa chosasiyana ndi c kapena o. Yesani nokha: sindikizani chiganizo chimodzi pa saizi 10, china pa 24, china pa 72, mumate pakhoma, mubwerere m'mbuyo masitepe atatu. Cha 10 chimaoneka ngati mzere wa nyerere zonenepa. Ine pa pepala sinditsika pansi pa 24, ndipo ndime yathunthu sindiilemba ndi zilembozi ngakhale kasitomala achonderere. Pa chidindo cha labala ndiye ndimakaniratu, chifukwa inki ya chidindo imadzaza mabowo tsiku loyamba lomwelo.

Pa mpata wa pakati pa zilembo, Cooper Black imakonda kuthithikana. Zilembo zowonda zimafuna mpweya, koma izi mukazitalikitsa mawu amamwazika, chilembo chilichonse n'kumaoneka ngati mwala paokha. Ziyandikizeni mpaka timapazi titatsala pang'ono kukhudzana, koma tisakhudzane. Kenako yang'anani mawuwo awiriawiri, chifukwa kompyuta siilinganiza bwino paliponse. Malo amene ndimakonza kawirikawiri m'mawu a Chichewa ndi pamene T, Y kapena W wamkulu watsatana ndi a, monga mu Takulandirani kapena Yabwino: pamatsala mpata waukulu pansi pa denga la T, ndiye ndimakankhira a mkati pang'ono. Kwina ndi mw, kw ndi ny, kumene timapazi timatha kugundana pomwe pamwamba pali mpata. Mu pulogalamu yojambulira ya CorelDRAW ndimagwiritsa ntchito chida chotchedwa shape tool kusuntha chilembo chimodzichimodzi. Njira yachikale yoonera ngati mipata yafanana ndi kutembenuza pepala chadodolido. Ubongo ukasiya kuwerenga mawu, diso limayamba kuona mabowo. Mizere nayonso iyandikizeni, chifukwa michira ya g, p ndi y ndi yaifupi, ndipo mukasiya mpata umene Word imapereka yokha, mizere iwiriyo imaoneka ngati yosadziwana.

Zilembo zazikulu zokhazokha zimatheka pa mawu aafupi ngati CHIPS kapena UCHI. Koma kukoma kwa Cooper Black kuli m'zilembo zazing'ono, mu a, g, e ndi s, mmene kubulungira kuja kumaonekera bwino. TAKULANDIRANI yense wa zilembo zazikulu amasanduka khoma la njerwa. Yambani ndi chachikulu chimodzi, zotsatira zikhale zazing'ono.

Tsopano ndinene za kachizindikiro kamene kanandidyera ndalama. Gulu lina la achinyamata a kutchalitchi linandipatsa ntchito ya matisheti makumi atatu, kumsana kolembedwa Imbani ng'oma. Ndinadula mawuwo pa vinyl yomata ndi moto. Mukadula, pamakhala ntchito yochotsa zotsalira ndi kansingano, kusiya zilembo zokha. Mnyamata amene ankandithandiza nthawi imeneyo anaona kachidutswa kakang'ono kali pakokha pakati pa g ndi o, anayesa nyenyeswa, n'kukachotsa pa onse makumi atatu. Ine osayang'ana, ndinamata. Matisheti anatuluka akunena kuti Imbani ngoma, ndipo ngoma ndi nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana. Atsogoleri awo anaseka, koma ndalama yotsala anaigwira kaye mpaka nditamata timichira makumi atatu kamodzikamodzi. Kuyambira pamenepo, ndisanamate chilichonse ndimawerenga tizidutswa toima patokha: madontho a i ndi j, ndi apositirofe wa ng' ndi m'. Mu Cooper Black apositirofe ndi wonenepa ngati kambewu ka nyemba, choncho amaoneka bwino patali, koma amakonda kusiya mpata waukulu mbali zonse ziwiri, mawu ngati ng'ombe n'kuoneka ngati awiri. Yandikizani g ndi o kuti kachizindikiroko kakhale ngati kakhala pa mapewa awo. Onetsetsaninso kuti ndi wopindika uja, osati kandodo kowongoka kamene mapulogalamu ena amaika.

Chinanso ndi ŵ wa kadenga. Makasitomala ena, makamaka achikulire ndi aphunzitsi, amafuna Malaŵi alembedwe ndi kadenga kake. Chilembo chimenechi chimapezekanso m'chinenero cha ku Wales, ndiye ma font ambiri atsopano ali nacho, koma akale ena alibe. Font ikasowa chilembo, kompyuta imabwereka mwakachetechete kwa font ina, ndipo mumapeza ŵ wowonda ataima pakati pa anzake onenepa ngati mlendo pa ukwati. Lembani ŵ musanalonjeze kasitomala. Akasowa, lembani w wamba, kadengako mujambule nokha ndi mizere iwiri yonenepa yobulungira kumapeto, kunenepa kwake kucheperako pang'ono poyerekeza ndi miyendo ya w.

Pa vinyl, kupatula nkhani ya tizidutswa ija, zilembozi ndi bwenzi. Sitika imayamba kumatuka pa msonga, ndipo apa misonga palibe. Mpeni wa makina umayenda mosadukiza pa zokhota, kuchotsa zotsalira n'kosavuta, ndipo pa galasi la kumbuyo kwa minibasi kapena pa chitseko cha saluni zimakhalitsa kuposa zilembo za timapazi tosongoka. Pa tisheti samalani ndi kukula. Chilembo chonenepa ndi pulasitiki wambiri, ndipo mawu aakulu odzaza chifuwa chonse amatentha mwezi wa Okutobala ngati wavala jumbo. Pa matisheti ambiri ndi bwino kudinda ndi inki pa sikirini, koma musapanikize inki yambiri, ndipo muyambe mwayesa pa kansalu kuti muone ngati bowo la e latsala. Pa zopeta, monga pa zipewa ndi mayunifolomu, zimatuluka bwino zikakhala zazikulu. Zikachepa ulusi umatseka mabowo.

Kwa anzanga a bulashi, amene mpaka lero ndi amene amalemba makoma ambiri a magolosale ndi mabutchala, njira yanga ndi iyi. Ngati pali pulinta pafupi, sindikizani mawuwo pa saizi yeniyeni pa mapepala angapo a A4, muwalumikize ndi selotepi, mupake choko kapena khala kumbuyo, mumate pakhoma, n'kudutsitsa pensulo m'mphepete mwa zilembo. Mukachotsa pepala, chithunzi chatsala. Ngati mukujambula ndi maso, menyani mizere itatu ya choko: wapansi, wa msinkhu wa zilembo zazing'ono, ndi wa zazikulu, ndipo wapakatiwo ukwere ndithu, chifukwa zilembo zazing'ono za Cooper Black ndi zazitali poyerekeza ndi zazikulu zake. Musayambe ndi mafupa a chilembo n'kumanenepetsa. Yambani ndi chibulumwa chonse, kenako muboole. Mabowo muwajambule okulirapo kuposa mmene diso likufunira, popeza penti adzadya ena, makamaka pa khoma la pulasitala wokhakhala. Zilembo zobulungira monga o, e ndi s zidutse mzere pang'ono pamwamba ndi pansi, apo ayi zimaoneka zazifupi pakati pa zinzake. Penti akhale wolimbirako, wosasungunula kwambiri ndi thinala, ndipo mupake kawiri mopyapyala m'malo mwa kamodzi mochindikala, chifukwa chilembo chotambalala chonchi chimasonyeza kuyenderera kulikonse. Ubwino wake ndi woti zilembozi zimakhululuka. Dzanja likanjenjemera pang'ono pa chilembo chowongoka ngati cha Arial, aliyense amaona. Apa kunjenjemerako kumalowa m'kubulungira.

Kukula kwa zilembo pa chikwangwani kumadalira pamene owerenga aima. Muyezo umene amisiri ambiri a zikwangwani amayendera ndi woti inchi imodzi ya msinkhu wa chilembo imawerengeka bwino pa mafiti khumi, kapena tinene masentimita awiri ndi theka pa mamita atatu alionse. Ngati kasitomala wanu akufuna anthu a tsidya lina la msewu, pa mamita 20, zilembo zikhale za masentimita 17 kapena kuposa. Pa Cooper Black ine ndimawonjezerako, chifukwa cha mabowo aja.

Mitundu imene imagwirizana nazo ndi yofunda, yokumbutsa chakudya: olenji ndi woyera ngati ndege zija, chikasu pa bulawuni, kirimu pa wobiriwira wakuda, wofiira pa kirimu. Chofunika ndi choti wina akhale wowala, wina wakuda. Wofiira pa wobiriwira, kapena wabuluu pa wakuda, zimapha mabowo ngakhale zilembo zikule bwanji. Muziganiziranso dzuwa lathu: penti ndi masitika ofiira amasuluka msanga kuposa akuda, ndiye chikwangwani choyang'ana kumadzulo ndimakonda kuchilemba zakuda kapena zabulawuni pa chikasu. Za mithunzi, mizere yozungulira zilembo, ndi mitundu ya utawaleza yosungunukirana, ndikudziwa kuti makasitomala amazikonda ndipo pulogalamu imazipereka mwaulere. Ine ndimalola chimodzi chokha, kamthunzi kolimba kosasungunuka kogwera kumanja ndi pansi, ndipo pokhapokha mawu ali aakulu kwambiri. Chilembo chonenepa kale mukachiveka jekete, sikafu ndi chipewa, chimabanika.

Mawu otsala aja, mitengo ndi nambala ya foni, amafuna font ina yofatsa yoti isapikisane. Arial, Franklin Gothic kapena Gill Sans zimagwira bwino, ndipo zikhale zochepa kuposa theka la mutu. Nambala ya foni makamaka musailembe ndi Cooper Black. Manambala khumi onenepa ondondozana, patali 3, 6, 8 ndi 9 amafanana onse, ndipo kasitomala wa kasitomala wanu adzaimbira munthu wolakwika. Musaphatikizenso ndi font ina yonenepa kapena yoseketsa ngati Comic Sans. Atambala awiri salira m'khola limodzi.

Pamene zimakhala bwino mwaona kale: chakudya, ana, chisangalalo. Malesitilanti, malo a chips ndi kanyenya, zomata pa mabotolo a chiponde, uchi ndi tsabola wa kambuzi, sukulu za mkaka, matisheti a kwaya ndi a mpira wa m'dera, maphwando a tsiku lobadwa. Pa zithunzi zotsatsa malonda za pa WhatsApp ndi Facebook zimathandizanso, chifukwa munthu akuyendetsa chala mofulumira pa kafoni kakang'ono, ndipo mawu awiri onenepa amamugwira diso asanadutse.

Pamene sizikhala bwino ndi pamene pakufunika ulemu kapena mantha. Pulogalamu ya maliro ndinakanapo kangapo, ngakhale achibale ankati akufuna dzina la malemu lioneke kwambiri. Limaonekadi, koma limaoneka ngati mukutsatsa bisiketi. Chimodzimodzi pa chiliza, pa chikwangwani cha loya kapena cha ogulitsa mabokosi a maliro, pa kalata yofunsira ntchito. Pa khadi la ukwati ndimaikana pa mayina a akwati, koma ndimailola pa matisheti a komiti. Ndipo pa geti lina ndinaonapo Chenjerani ndi agalu olusa zolembedwa ndi zilembo zimenezi, zachikasu. Zinkaoneka ngati agaluwo akukuitanani kuti mudzasewere nawo. Chenjezo limafuna zilembo zowongoka, zouma, zopanda nsangala.

Nthawi zina kasitomala akati zonenepa zobulungira sakutanthauza Cooper Black, akutanthauza zopanda timapazi, zooneka ngati soseji. Zimenezo ndi monga Arial Rounded MT Bold, kapena VAG Rounded imene inakonzedwera kampani ya magalimoto ya Volkswagen mu 1979, kapena Fredoka ndi Baloo zimene zimapezeka mwaulere pa intaneti, pa tsamba la Google Fonts. Zimenezi zimaoneka zamakono ndi zaukhondo, zoyenera shopu ya mafoni kapena famase, ndipo zimapirira kuchepetsedwa kuposa Cooper Black. Koma zilibe kafungo ka kukhitchini kaja. Ndimasindikiza dzina la shopu m'mitundu iwiriyo, n'kumusiya kasitomala aloze. Ngati kompyuta yanu ilibe Cooper Black, pa Google Fonts pomwepo pali Caprasimo ndi Chango zimene zimayandikirako, ndipo chilolezo chake chimakulolani kuzigwiritsa ntchito pa malonda. Zimenezo n'zabwino kusiyana ndi kukopera font pa flashi ya mnzanu, imene kawirikawiri imabwera ndi mavairasi ake.

Mukamapita ndi ntchito kwa osindikiza ma banner akuluakulu, musatenge fayilo ili ndi mawu amoyo, kutanthauza mawu amene akadali otheka kuwasintha potaipa. Kompyuta yawo ikasowa font yanu imaikapo ina osakufunsani, ndipo mudzazindikira nsalu ya mamita atatu itatuluka kale. Mu CorelDRAW sankhani mawu onse, dinani Ctrl ndi Q kuti asanduke zojambula, kenako musunge ngati PDF. Koma sungani kope lina la mawu amoyo, chifukwa mukawasandutsa simungakonzenso sipelo, ndipo kasitomala amakumbukira kuti mtengo wasintha ntchito itatha.

Thabwa la mayi wa mandasi ndinalipaka chikasu, mawu awiri aja abulawuni wakuda, mzere wa zitumbuwa, zigege ndi thobwa m'munsi ndi zilembo wamba. Penti atauma ndinalinyamula n'kukaliimika pa benchi lawo, ndiye ndinawoloka msewu, monga ndimachitira ndi ntchito iliyonse, n'kutsinzina pang'ono mpaka zinthu zitayamba kuoneka mwachimbuuzi. Mandasi ankawerengeka. Otentha ankawerengekanso, koma bowo la e linali litachepa, ndiye ndinabwerera ndi kabulashi kakang'ono ndi penti wachikasu n'kulikulitsa pomwepo, anthu odikira minibasi akuonerera. Mayiwo anadandaula kuti takulandirani nonse wawo ndamutaya, ndipo anandidula mandasi awiri pa asanu amene anandilonjeza ngati basela.